Loko wa pa Bokosi la Magetsi

9 Seputembala

Okondedwa mayi a Nyerere,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu ndi wa abambo. Kodi phewa lawo lija likuwalola kugona? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndipo lamba wayamba kudandaula.

Uthenga woti magetsi alowa m'nyumba mwathu unandipeza ndili pamakwerero. Mlaliki, mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, wosatseka pakamwa uja, anati, "Aphunzitsi, tsikani kaye mukasekerere pansi. Mukagwa ine sindikunyamulani, mwanenepa." Mukuona, dzina la uphunzitsi linanditsata mpaka kuno, ngakhale choko ndinachisiya kalekale ndipo ntchito yanga ndi yonyamulira mmisiri wa magetsi zida m'nyumba zosanja za eni ake.

Pa foni mawu amathawa, ndiye ndati ndilembe. Chithunzi cha bokosi limene aika mu kolido ndachiyang'anitsitsa. Mukakweza kachivindikiro kake, muona timaswichi takuda tondondozana, ndipo kumapeto kuli imodzi yonenepa, yofiira. Imeneyo ndiye swichi yaikulu, amisiri amangoti meni. Tating'onoto tili ngati zitseko za zipinda: kena n'ka mababu, kena ka masoketi, kena ka kuka yophikira. Yofiirayo ndi chitseko cha panja. Mukaitsitsa, nyumba yonse yathima nthawi imodzi. Musangoloweza kuti kumwamba n'kuyatsa, yang'anani zizindikiro zake: kamzere ndi kuyaka, kabwalo konga ziro ndi kuzima.

Ndikupemphani muiyese masana, dzuwa likuswa mtengo, filiji ndi wailesi mutazizimitsa kaye. Manja akhale ouma, kuphazi kukhale nsapato, pansi pasakhale chinyezi. Itsitseni, muzungulire zipinda muone kuti zonse zathimadi, kenaka muikwezenso. Ndi yolimba, imalira kuti kha, musachite nayo mantha. Ndikufuna dzanja lanu liizolowere, chifukwa tsiku la mavuto mutu umaiwala koma dzanja limakumbukira.

Tsiku la mavuto ndi lotani? Mukamva fungo la pulasitiki wopsa. Mukaona soketi ikuthetheka kapena kufuka. Madzi akalowa m'nyumba n'kufika pa mawaya. Koposa zonse, munthu akagwidwa ndi magetsi: musamugwire, mungakhale awiri. Thamangirani ku swichi yofiira, munthuyo pambuyo. Moto wa magetsi sathira madzi.

Koma dziwaninso malire ake. Mawaya ochokera ku mita olowa m'bokosimo amakhalabe amoyo ngakhale mutatsitsa meni, choncho chivindikiro chomangidwa ndi masikuluu si chanu, si changa, ndi cha mmisiri wovomerezeka. Ndipo bokosilo likanyowa kapena likamafuka lokha, musalikhudze n'komwe. Tulukani nonse, muimbire a kampani ya magetsi.

Kuno sitiseweretsa swichi imeneyi. Abwana athu, amene tinawatcha a Yesa-Kaye chifukwa cha mawu amene sachoka pakamwa pawo, salola munthu kugwira waya asanatsitse meni n'kuikhoma ndi loko. Amati, "Kiyi m'thumba, moyo m'thumba."

Ndapatsira dalaivala wa lole yofika kwathuko uja kangachepe. Mugule tochi yokhala pafupi ndi bokosilo ndi nsapato za Nyerere, zokulirapo, poti phazi lake silidikira malipiro. Kalatayi muwawerengerenso abambo.

Ndine wanu nthawi zonse,
Bambo a Nyerere


4 Okutobala

Okondedwa mayi a Nyerere,

Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti chifuwa cha mwana chatha. Ine ndili bwino, kupatula kuti kalata yanu yandiseketsa mpaka nthiti kuwawa, kenaka yandikhazika pansi.

Ndiye kuti Nyerere amakuonererani pamene mumayesa swichi ija. Mawa lake wakoka mpando, waikapo ndowa chovundikira, wakwera, wathimitsa nyumba yonse agogo ake akumvera mpira pa wailesi, timu yawo ili pakhomo pa golo. Ndawerengera Mlaliki ndipo akuti, "Mwana wa mphunzitsi salephera mayeso." Koma kukwera koteroko n'koopsa, ndipo abambo sanalakwe kudandaula.

Chimene chandikhazika pansi ndi chotsatira chake. Mwalemba kuti abambo anatulutsa zida zawo za ukalipentala zimene zagona pansi pa bedi chiwavutire phewa, n'kupanga kabati yokuta bokosi lonse, ya mahinjesi ndi vanishi, n'kukolekapo loko wa ku shopu yawo yakale uja. Kiyi ali pa chingwe cha m'lamba mwawo. Ndipo akuti, "Mwana wanga walemba yekha kuti kwawoko amakhoma, kiyi m'thumba. Ife tilekerenji? Kodi ndife otsalira?"

Apa pafunika kumasulira bwino. Kuntchito timakhoma swichi itazima, kuti wina asaiyatse ife tili ndi waya m'manja. Loko wathu amatsekera magetsi kunja. Wa abambo watsekera magetsi m'nyumba, n'kutsekera inu kunja. Swichi yaikulu anaipangira mphindi imene munthu alibe nthawi yofunsa kuti kiyi ali ndi ndani.

Ndamva zimene mwanena, zakuti, "Ine ndine mpongozi chabe. Ndingawauze bwanji kuti achotse chinthu chimene achipala sabata yonse akuimba likhweru?" Mukunena zoona. Likhweru limenelo ineyo sindinalimve chimwalirire amayi. Munthu amene ankapanga zitseko za dera lonse, lero akungopatsidwa mpando ndi kapu ya tiyi, ndiye wapeza ntchito yoteteza mdzukulu wake. Musalimbane nawo. Ndawalembera kalata yawoyawo, ili mu envelopu yomweyi. Muwapatse atadya, osati asanadye. Mumawadziwa.

Pakadali pano, mpando uja uchoke mu kolido, ndipo mmawa uliwonse mudziwe kumene abambo akupita.

Za tchuthi cha kumapeto kwa chaka musayambe mwauza mwana. Mapepala anga a chilolezo chogwirira ntchito kuno akadali mu ofesi ya anthu, ndipo nkhani yake ndi yaitali kuposa pepalali. Si yodetsa nkhawa kwenikweni. Dalaivala akubweretserani mafuta opaka pa phewa la abambo. Kuno akwera mtengo moti wogulitsa yemwe anachita manyazi potchula.

Wanu,
Bambo a Nyerere


4 Okutobala

Olemekezeka Bambo,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndi chikhulupiriro choti mwadzuka bwino ndipo phewa likupepuka. Ine mwana wanu ndili bwino.

Chithunzi cha kabati ndachiona. Ndinaonetsa abwana anga, ndipo anachikulitsa ndi zala kuti aone m'makona. Anafunsa kuti, "Misomali ili pati?" Ndinawayankha kuti bambo anga salumikiza matabwa ndi misomali, amati msomali ndi wa munthu wofulumira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti amisiri otere atha. Ndikuthokozaninso chifukwa choganizira mdzukulu wanu. Ine ndili kutali, maso anga pakhomopo ndinu.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndiliyambe ndi zimene munandiphunzitsa nokha. Ndili mwana munanditenga kokaika zitseko za holo ya sukulu. Akuluakulu a komiti ankafuna zitsegukire m'kati kuti zisamenyedwe ndi mphepo. Inu munakana, munatsala pang'ono kusiya ntchitoyo. Munati, "Wothawa sakoka chitseko, amakankha." Sindinaiwale. Munkaganizira tsiku limene palibe ankafuna kuliganizira.

Swichi yofiira ija, Bambo, ndi chitseko cha mtundu womwewo. Chaka chingathe osaigwira. Koma tsiku limene soketi idzayambe kufuka, kapena mwana adzagwire waya wosupuka, amene ali pafupi ayenera kuifikira nthawi yomweyo, kaya ndinu, kaya ndi mpongozi wanu, kaya ndi mlendo. Zoti kuntchito timakhoma ndinalemba ndithu, koma ndinalemba mwachidule. Timakhoma itazima, pa nthawi yokonza yokha, tikatha timachotsa loko.

Sindikupempha kuti kabati ichoke. Ikukongoletsa kolido. Ndikupempha kuti kiyi azikhala pa msomali pamwamba pake, pamene mwana sangafike, kapena mayi a Nyerere akhale ndi wawo. Mukaganiza njira ina yoposa imeneyi, inu ndiye mmisiri.

Ndine mwana wanu.


16 Novembala

Okondedwa mayi a Nyerere,

Moni kwa inu ndi onse. Ndikhulupirira mvula yayambayi yakupezani muli athanzi. Ine thupi lili bwino.

Yankho la abambo ndinalilandira pa foni, mwina munalimva muli kukhitchini, poti akamalankhula pa foni amakhala ngati akuitana munthu wa tsidya lina. Anati, "Iwe Mphunzitsi, phunziro lako ndalandira, ndipo ndakupatsa theka. Kiyi wa pamsomali ndi wa aliyense, mdzukulu wanga ali ndi maso. Wachiwiri anatayika iwe usanamere ndevu. Komanso ine ndimapita kuti? Ndi phewa limeneli ndine mlonda wa pakhomo. Akafuna kuthimitsa andiitane."

Ndinati, "Nanga tsiku la kuchipatala, Bambo?"

Anati, "Magetsi ako adziwa bwanji kuti lero ndi tsiku la kuchipatala?" Atatero anadula, akuti ndisawononge ndalama.

Tsopano za khoma la kukhitchini. Mwati malata akudontha, madzi akutsetsereka kuseri kwa filiji, ndipo chogwirira chake chinakunyerenyetsani m'zala. Kunyerenyetsa kumeneko si nthabwala, ndi magetsi amene asochera akufuna njira. Munachita bwino kupempha abambo kuti atsegule, kutsitsa meni kaye, n'kuzula pulagi ndi manja ouma. Koma vuto silinathe, chifukwa soketiyo ili m'khoma lonyowa ndipo ikadali yamoyo. Ndinakuuzani kuti kaswichi ka masoketi kakhale kozima mpaka mmisiri abwere, ndiye mwati abambo amakakwezanso chifukwa wailesi yawo imadya komweko. Ndiwalankhulanso. Mmisiri uja musamuleke, mawa lake lachuluka. Akapitiriza funani wina, bola akhale wa chiphaso. Wokhoma malata nayenso abwere, ndatumiza zake.

Bokosi labwino limayenera kudzigwetsa lokha madzi akakumana ndi waya. Nthawi zambiri limatero. Koma amene analumikiza nyumba yathu sindinamuone ndi maso anga, ndipo moyo wa anthu atatu sindingausiye pa mawu oti nthawi zambiri.

Choncho mverani, ndipo ndikulemba mtima uli m'malo. M'bokosi la zida la abambo muli hamala ya mano. Itengeni muiike pamwamba pa kabati ya mbale. Mukadzamva fungo kapena kuona utsi abambo palibe, lowetsani manowo kuseri kwa chitsulo chokolekapo loko, mukanule ndi thupi lonse. Musamenye, mungaphwanye bokosi la m'kati. Thabwa lidzang'ambika, lisiyeni ling'ambike. Mlandu wake ndi wanga.

Mwina mudabwa kuti ndalimba mtima bwanji. M'chipinda muno mwakhala zii masiku ano. Mlaliki ali kuchipatala. Ali moyo, ndipo akulankhula, ngakhale pang'ono. Tsiku limene magetsi anamugwira anatumidwa yekha, loko anamusiya m'chikwama, ndipo munthu wina wa m'nyumba yosanjayo ataona mdima anakakweza swichi. Zotsalazo tidzakambirana tili pamodzi. Ine sindigwira kanthu loko wanga asanalire, musade nkhawa.

Mumupsompsone Nyerere. Mumuuze kuti bambo ake akuti mipando ndi yokhalira.

Wanu,
Bambo a Nyerere


12 Disembala

Okondedwa mayi a Nyerere,

Ndikuthokoza Mulungu kuti ndikulembera anthu amoyo m'nyumba yosapsa. Dzanja lanu lili bwanji pamene thabwa linakulasani? Mulisambitse bwino. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikuyenda ngati mwini nyumba yosanja.

Pa foni munkalankhula mothamanga, ndiye nkhaniyi ndaisonkhanitsa kuchokera kwa inu ndi kwa dalaivala. Ndinaifotokozera a Yesa-Kaye pa nthawi yopuma, ndipo mundikonze ngati ndawanamiza.

Ndinawauza kuti anali masana, mvula ikukhuthuka, abambo ali kuchipatala ndi kiyi wawo. Inu mukuchapa pakhonde munamva fungo la pulasitiki. Kulowa kukhitchini, soketi ija ikulira ngati mafuta m'chiwaya, utsi ukukwera ku shelefu ya matabwa. Munatulutsa mwana n'kumupereka kwa aneba. Aneba m'malo mogwira mwana anabwera ndi ndowa yodzaza, akuti, "Patukani ndithire!" Inu munati, "Ikani ndowayo pansi, amayi, pokhapokha ngati mwatopa nawo moyo."

A Yesa-Kaye anasiya kutafuna. Anati, "Nanga amachapa, manja?"

Ndinati munapukuta pa siketi, mbali youma.

"Kuphazi?"

Ndinati munavala nsapato zanga zakale za pakhomo zija.

"Bokosilo linali louma?"

Ndinati munaunika ndi tochi khoma lake musanaligwire. Kenaka hamala, kukanula kawiri, chitseko ng'aa, swichi pansi. Kulira kuja kunasiya, ndipo kamoto ka pa shelefu munakaphimba ndi mchenga wa wokhoma malata uja.

Kenaka anati, "Mkazi wakoyo sakufuna ntchito? Ndikuchotse iwe."

Ndiye musandifunsenso ngati munalakwa. Simunalakwe.

Ndikudziwa kuti chikukuwawani si dzanja. Mwati abambo atabwera anaima mu kolido nthawi yaitali, anatola zidutswa za chitseko chimodzichimodzi, n'kufunsa kuti, "Hamala yanga wakupatsani ndani?" Inu munati munatenga nokha. Chifukwa chiyani, mayi? Ndinakuuzani kuti mlandu ndi wanga. Mwasenza katundu wa mwamuna wanu, ndipo tsopano akudyera kuchipinda, moni akuyankha ndi mphuno. Ndawalembera zoona zake. Pitirizani kuwapatsa madzi osamba ndi tiyi wawo monga kale, musapepese kawiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chimene dalaivala wandiuza, kuti anawaona kwa wowotcherera zitsulo akufunsa za chitseko chachitsulo. Chimenecho hamala singachithe. Chikafika pakhomo ndiimbireni chisanakhomedwe.

Swichi yaikulu ikhale pansi mpaka mmisiri atayeza nyumba yonse, osati soketi yokhayo. Mumufunse chifukwa chake bokosi silinadzigwetse lokha, ndipo asachoke asanakonze chimenecho. Mdima wa masiku ochepa sunaphepo munthu, tinakulira momwemo. Akadzati zonse zili bwino, kayatsidwe kake ndi aka: timaswichi tating'ono tonse tikhale pansi, mukweze yaikulu, kenaka tating'onoto kamodzikamodzi. Kena kakagwa kokha, musakakakamize. Kakukuuzani kuti kumeneko kuli vuto.

Tchuthi chalephereka, monga munaganizira kale. Mlaliki anamutulutsa m'chipatala ndipo abale ake anamutengera kwawo. Pabedi pake pabwera mnyamata wina wosalankhula, moti usiku ndimachita kusowa tulo chifukwa cha bata.

Wanu wonyadira,
Bambo a Nyerere


12 Disembala

Olemekezeka Bambo,

Moni mwaulemu. Ndamva kuti adokotala akusinthirani mankhwala a phewa, ndikhulupirira akuthandiza.

Lero sindiphunzitsa. Amene analamula kuti hamala itengedwe ndi chitseko chikanulidwe ndine, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa mwezi watha. Mpongozi wanu wabisa zimenezi pofuna kuti bambo ndi mwana asayambane. Ukali wanu ubwere kuno, adiresi mukuidziwa. Ndikudziwa kuti chitseko chimenecho munachipala phewa likuwawa, ndipo zandipweteka kuti chinang'ambika.

Ndikupemphani chinthu chimodzi musanabwerere kwa wowotcherera zitsulo. Lowani kukhitchini muyang'ane shelefu ija munapanga, thabwa la pansi, pamwamba pa soketi. Za magetsi tingatsutsane, koma thabwa mumaliwerenga kuposa munthu aliyense amene ndimamudziwa. Muone pamene moto unafika, muone kuuma kwake, muonenso denga limene lili pamwamba pake. Kenaka mundiuze inuyo kuti ukanatenga nthawi yaitali bwanji kufika kudengako, ndipo ngati basi ya kuchipatala ikanafika msanga. Chimene mudzanene ndidzachivomera.

Ndine mwana wanu.


20 Januwale

Okondedwa mayi a Nyerere,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wafika mochedwa ngati dalaivala wathu. Ndasangalala kumva kuti bala lapola, denga lasiya kudontha, ndipo mmisiri watsopanoyu anapeza waya wa pansi, wopititsa magetsi osochera m'nthaka, amene woyamba uja sanalumikize. Ine ndili bwino. Mapepala aja akuti asuntha kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, ndiye tingoti akuyenda.

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Mwati abambo atalandira yanga anaiwerenga n'kulowa kuchipinda. Mawa lake munawapeza kukhitchini atagwada, akukanda thabwa lopsa lija ndi chikhadabo, akulinunkhiza, akuyang'ana kudenga. Anatuluka, ndipo kwa wowotcherera sanapitenso.

Koma gawo limene ndimabwereza ndi la Loweruka lija. Anakuitanani mu kolido, tepi ili m'manja, pensulo ili kukhutu. "Amayi, taimani apa. Kwezani dzanja. Osanyanyamphira, moto sudikira zonyanyamphira." Analemba pakhoma. Kenaka anakoka mpando okha, anaikapo ndowa, anakweza Nyerere atamugwira m'chiuno, n'kumuuza kuti, "Tambasula, wakuba iwe, tione pamene umathera." Analembanso. Pakati pa mizere iwiriyo ndi pamene aika kampiringidzo kathabwa, kolimba koti dzanja la mwana silingakasunthe, koma la munthu wamkulu kungokankha kamodzi chitseko chatseguka chokha. Ndipo poti phewa lawo silifika pamenepo, asema kamphako kolowa nsonga ya ndodo yawo. Njira imeneyi sinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinajambula pa pepala kuonetsa a Yesa-Kaye, ndipo pepalalo analipinda n'kuika m'thumba mwawo, sanandibwezere.

Ndaseka kuti anaitananso aneba kudzayesa, ndi kuti anawauza kuti, "Inu ntchito yanu ndi kugwira mwana. Ndowa muzisiya kwanu." Muziyesa nonse nthawi ndi nthawi, masana, monga poyamba paja.

Musadikire kuti adzanene mawu opepesa, sadzanena. Abwerera pa tebulo, akupemphani kuti muwaonjezere ndiwo, ndiye nkhani yatha.

Dzulo anandiimbira okha, koyamba chibwerere kuno. Za kalata yanga sanatchule. Anandiuza za mtengo wa vanishi, za timu yawo imene ikungoluza, ndi kuti mpongozi wawo anakanula chitseko motsata mtsempha wa thabwa, moti theka lake analigwiritsanso ntchito. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Nanga loko uja ali kuti, Bambo?"

Anati, "Ndamukoleka pa bokosi la zida zanga. M'nyumba muno muli munthu wina amene waphunzira kugwira hamala."

Ndine wanu, lero ndi mawa,
Bambo a Nyerere